Chikhomo Chofiira M'chipinda cha Tiyamike

Thuchila, Mulanje
9 Julaye 2024

Achimwene a Bizwick,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu a Rosie kumeneko ku Bangwe. Kuno tilipo, koma ine mtima suli m'malo. Ndikanaimba foni, koma makutu anuwo pa foni mumangoti "eya, eya" chonsecho simunamve, ndiponso nkhani iyi sindikufuna kuikuwa pamsika pomwe timatchajitsa. Kalatayi ndapatsira Mwanahalima wa zinanazi, akaisiya pa benchi ya alamu ku Limbe.

Nyumba ija mukuidziwa, imene ndikumanga chigwereni yakale ndi namondwe wa Freddy. Yafika pa mawindo. Zipinda ndi zitatu, chakumapeto ndi cha mwana wanga Tiyamike ndi khanda lake. Njerwa tinaumba tokha awiri, kuwotchanso tokha.

Lachinayi lapitali kunabwera Che Uledi, aja anagula malo a sitolo yakale oyandikana nafe. Akufuna kumanga chigayo ndi mpanda. Anabwera ndi munthu woyeza malo, wonyamula makina a miyendo itatu ndi pepala lakale la lizi ya sitoloyo. Munthuyo anaimika makina ake pa bikoni ya simenti yosonyeza malire ya kumsewu ija, nayang'ana bikoni ina ya kumtunda kwathu, kenaka anatembenuza makinawo n'kuyamba kukhomeretsa zikhomo zopaka utoto wofiira. Choyamba m'chinangwa, chachiwiri m'nandolo, chachitatu m'kati mwa chipinda cha Tiyamike, pakati penipeni pomwe timati padzakhale bedi.

Ndinamufunsa kuti, "Kodi bambo, chikhomo ichi chikutani m'nyumba ya anthu?" Iye anati, "Mayi, nyumbayi ndi imene yabwera pa chikhomo." Che Uledi sanaseke. Anangoti pepani mama, pepala ndi limene likunena, amisiri a mpanda ayamba Lolemba loyamba la Ogasiti, chipindacho chikhale chitachoka.

Tsono chimene chandichotsa mphamvu ndi ichi. Pochoka munthuyo anati, "Mukapereke moni kwa a Bizwick, muwauze kuti Mackson wagwira ntchito ija." Ntchito ija iti, achimwene? Akukudziwani bwanji? Ine sindinatchule dzina lanu.

Mundiyankhe msanga. Inu munagwira ntchito ndi oyeza malo zaka zambiri, mundiuze ngati makina amenewa munthu angathe kuwauza chonena.

Ndine mlongo wanu,
Malita

*

Bangwe, Blantyre
14 Julaye 2024

Achemwali a Malita,

Kalata yanu ndalandira. Tili bwino, kungoti maso anga ayamba kuona zinthu ngati kuli nkhungu. Moni kwa Tiyamike ndi chidzukulu.

Muchepetse mantha. Inu kuyambira muli mwana, nkhuku ikatsokomola mumayamba kufunsa mtengo wa bokosi.

Mackson ndimamudziwa, tinagwirako limodzi ntchito, iye wonyamula ndodo, ine wokoka tepi. Pano akuyeza payekha. Nkhani ndi yomweyo.

Za makina ndikuuzeni. Ndawanyamula zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, sadya za munthu. Ntchito yake ndi kuyeza ngodya, kutanthauza kuti mwatembenuka mochuluka bwanji kuchokera komwe munayang'ana poyamba. Mukaima pa bikoni n'kuzungulira mpaka kuyang'ananso komwe munayambira, mwazungulira madigiri 360. Digiri imodzi amaidula zidutswa 60, amazitcha maminitsi. Minitsi imodzi aidulanso zidutswa 60, masekondi. Mayina okha ndiwo a wotchi. Malire anuwo ndi otalika mamita 180. Munthu akaphonya ndi minitsi imodzi, kumapeto kwake chikhomo chimasuntha zala zitatu basi. Sekondi imodzi ndi yochepa kuposa kukhuthala kwa chikhadabo. Makina amene amaona zinthu zazing'ono chonchi angaphonye chipinda chathunthu?

Pepala la lizi limanena ngodya ya malire, woyeza amangotembenuza makina mpaka nambala ifanane ndi ya papepala. Ndiye ngati chikhomo chagwera m'chipinda, mwina pomanga munasendera pang'ono. Madzi a namondwe anafafaniza mizere yambiri kumudziko, si inu nokha.

Mulankhule nawo bwino Che Uledi, ndi munthu womva. Mwanahalima akamabweranso mumupatsire nandolo wamuwisi ngati wayamba, wa kuno ndi wofota.

Ndine mlongo wanu,
Bizwick

*

Thuchila
19 Julaye 2024

Achimwene,

Moni ndapereka, alandira. Nandolo sanakhwime, ndipo theka lake akuti si wanganso.

Kalata yanu ndaiwerenga kanayi. Mwandiuza za zala zitatu ndi chikhadabo, koma simunandiuze kuti ntchito ija ndi iti. Mwalumpha pamenepo monga munkalumphira ngalande ya kusukulu. Ndiponso mwati Che Uledi ndi munthu womva. Mwamudziwira kuti? Inu munabwera kuno komaliza pa maliro a malume mwezi wa Epulo, ndipo ndinakuonani mutaima naye kuseri kwa galimoto yake nthawi yaitali. Ndinkayesa mukupepesana za maliro.

Mukuti ndinasendera. Inu munapita ku tauni muli mnyamata, ine ndinatsala ndi amayi pamalo pano mpaka kuwaika. Chaka chilichonse tisanalime ankandiimika pa bikoni ya kumsewu n'kuloza pomwe phiri la Chambe lathera ngati lodulidwa ndi mpeni. Ankati malire athu akuyang'ana pamenepo. Ndisanakumbe maziko ndinaima pa bikoni yomweyo, ndinayang'ana Chambe, ndinasiya mapazi anayi. Phiri silinakokoloke ndi namondwe. Zikhomo za Mackson sizikuyang'ana pamenepo, zapatukira kwathu.

Dzulo anabweranso, akuti kudzayeza ngodya za nyumba yanga kuti ajambule mapu oonetsa kuti ndinalowerera. Ali mkati chiperoni chinayamba kuwaza. Anafunditsa makina pulasitiki, buku lake anaika pakhonde pa kitchini yanga kuti lisanyowe, iye n'kupita kukamwa tiyi kwa Che Uledi. Mulungu andikhululukire, ndinatsegula bukulo. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4 koma manambala ndimatha kukopera. Ndinakopera tsamba lonse kuseri kwa khadi la sikelo la mwana. Nali:

Bikoni ya kumtunda 0.0000 g
Malire 62.3000 g
Ngodya ya nyumba 66.9100 g
Chimbudzi 48.5520 g
Pholo la magetsi 391.2740 g

Kachilembo ka g kali paliponse, ndakopera momwe kanalili. Papepala la lizi limene anatsekera m'bukumo palembedwa 62 ndi kabowo pamwamba, kenaka 30, kenaka 00. Ndiye nambala ikufanana, 62 ndi 30. Pamenepo ndi pomwe ndinafooka, chifukwa ndinkayembekeza kupeza bodza ndipo sindinalipeze.

Koma mwina bodza lili kwina. Ndikufunsani mosabisa, achimwene. Inu ndinu mwini mbumba, papepala lililonse la malo ano dzina lanu limamveka. Kodi munagulitsa chigawo chimenechi kwa Che Uledi? Ngati munagulitsa, nenani, ndileke kuvutika ndi manambala. Sindikakusumirani kulikonse. Ndikungofuna kudziwa amene wandigwetsera nyumba.

Malita

*

Thuchila
28 Julaye 2024

Achimwene a Bizwick,

Ndikhulupirira muli moyo. Masiku asanu ndi anayi apita, yankho palibe. Mwanahalima wapita ku Limbe kawiri, akuti kalata anapereka m'manja mwa alamu. Koma Mwanahalima ndi mng'ono wawo wa akazi a Che Uledi, ndinaiwala zimenezo pomupatsa. Mwina anaitsegula pa minibasi. Mwina ili m'thumba la Che Uledi. Mwinanso inafika ndipo inu mwasowa chonena. Sindikudziwa chomwe chili bwino pa zitatuzi. Iyi ndaimata ndi phala la ufa woyera ndipo ndalemba mtanda pomatirapo, mukaone ngati mtandawo wasweka.

Mchenga wa mpanda wafika, matani awiri, autsitsa pafupi ndi nandolo wanga. Che Uledi anandipeza pa mjigo nati, "Mama, ine sindifuna mkangano. Amisiri anga akagwetsa ndi nyundo njerwa zanu zisweka." Ndinawayankha kuti zikomo pondiganizira njerwa. Koma kunyumba nditaganiza ndinaona kuti akunena zoona. Tinamangira matope, osati simenti, ndiye munthu ukamachotsa imodziimodzi ndi manja zimatuluka zamoyo.

Tayamba Lachisanu, ine ndi Tiyamike. Khoma lakumapeto tatsitsa mizere isanu ndi iwiri. Iye amandipatsira, ine ndimasanja pansi pa mtengo wa mapeyala. Dzulo anangoti, "Amayi, njerwa iyi ili ndi chala cha mwana," chifukwa tsiku loumba khanda linagwira pa yaiwisi. Waiika padera.

Ngati muli ndi mawu, anenedwe Lolemba la pa 5 lisanafike.

Malita

*

Bangwe
1 Ogasiti 2024

Alamu a Malita,

Ndine Rosie. Choyamba, siyani kugumula. Achimwene anu akuti ndilembe mawu amenewa pamwamba penipeni musanawerenge china chilichonse.

Mwanahalima musamunenere, makalata onse awiri anafika, mtanda uli bwinobwino. Wolakwa ndine. Achimwene anu anawachita opaleshoni ya ng'ala pa 20, diso lakumanja, ndipo adokotala anati asawerenge, asawerame, asade nkhawa. Ine podziwa makalata anu ndinawaika m'chitini cha mpunga kuti adikire. Lero ndi pomwe ndawawerengera mokweza. Nditafika pa nambala ya pholo la magetsi anandiimitsa kuti bwereza. Ndinabwereza. Anati bwerezanso. Kenaka anadzuka kufuna nsapato kuti akakwere minibasi ndi bandeji kumaso, ndachita kubisa nsapatozo. Zotsatirazi ndi mawu awo, ine ndikungolemba.

Achemwali, malo sindinagulitse ndipo sindingagulitse. Koma mlandu ndili nawo. Pa maliro a malume Che Uledi anandifunsa ngati ndikudziwa woyeza malo wosadula. Ndinawapatsa nambala ya Mackson. Ndinkaganiza kuti malire akayezedwa mpanda usanamangidwe inu mudzakhala pa mtendere. Ntchito ija ndi imeneyo. Mutandilembera kuti chikhomo chagwera m'chipinda ndinachita manyazi kunena kuti munthuyo ndinatumiza ndine, ndiye ndinateteza makina m'malo moteteza inu. Mackson alibe chiphaso cha usaveya, ndipo makina ake si ake, amabwereka kwa mnzake wa ku Milanje ku Mozambique. Zimenezi ndinkazidziwa.

Tsono mverani. Ndinakuuzani kuti kuzungulira konse ndi madigiri 360. Palibe ngodya ya madigiri ingafike 391. Koma alipo ena, makamaka amene anaphunzira kwa Apwitikizi, amene kuzungulira komweko amakudula zidutswa 400, amazitcha magiradu. Kachilembo ka g munakopera kaja ndi kameneko. Zili ngati mbale ziwiri zoyezera nyemba pamsika, ina yaikulu ina yaing'ono. Pepala la lizi likunena mbale zazikulu 62 ndi theka. Mackson wayeza 62 ndi kambale kakang'ono. Nambala ikufanana, koma watembenuka moperewera ndi madigiri asanu ndi limodzi ndi kanthu. Pomwe pali nyumba yanu, mamita 70 kuchokera pa bikoni, kuperewera kumeneko ndi pafupifupi mamita asanu ndi atatu. Chipinda cha Tiyamike ndi chimenecho.

Ine sindingabwere, ndiye muchita ndinu. Musakangane naye za manambala, akuposani pakamwa. Lolemba, pamaso pa Che Uledi, mumuuze aimike makina pa bikoni, aike ziro, ndipo azungulitse pang'onopang'ono mpaka abwerere pomwe anayambira. Inu ndi Che Uledi muziyang'ana pagalasi la manambala. Akafika 359 n'kubwerera pa ziro, ndiye kuti ndalakwa ndine ndipo chipinda chapita. Akapitirira 360, musalole khasu likhudze pansi.

Akakonza, ngodya ya malire aiyeze kawiri, kachiwiri atatembenuza diso la makina chadodolido. Kumene ndinkagwira ntchito lamulo linali loti miyeso iwiriyo isasiyane kuposa masekondi makumi awiri. Ikasiyana kuposa apo abwereze.

Mawu awo athera pamenepo. Ine ndingowonjeza kuti pepani alamu chifukwa cha chitini cha mpunga. Mizere isanu ndi iwiri mwagumula ija ndi mlandu wanga.

Rosie

*

Thuchila
6 Ogasiti 2024

Achimwene ndi alamu,

Kalata inafika Loweruka. Diso lili bwanji? Musamawerame, mumvere adokotala. Mukanandiuza za opaleshoni, ndikanapeza china chodera nkhawa chosiyana ndi njerwa.

Nditawerenga ndinayamba ndaganiza kuti mwina ndi njira yondichititsa manyazi pagulu kuti ndisiye kulimbana. Ndikunena zoona, ndinaganiza choncho. Loweruka lonse ndi Lamulungu ndinkayeseza mawu anu ndikupalira chinangwa, kuopa kuti pakamwa padzauma.

Lolemba m'mawa amisiri anafika anayi ndi makasu ndi chingwe. Mackson anabwera kudzawaonetsa mzere. Che Uledi anali atavala mkanjo woyera ngati kuli chikondwerero. Ine ndinapita kukaima pa bikoni penipeni.

Mackson anati, "Mayi, tapatukani, tiike makina."

Ndinati, "Ikani. Koma musanayambe muwazungulitse kamodzi, ine ndi Che Uledi tione."

Anaseka n'kuyang'ana amisiri. "Mukufuna kujambulitsa? Iyi si kamera."

Mmodzi wa amisiri anati, "Asiyeni amayi aone, mwina akufuna ntchito yanu."

Ndinati, "Achimwene anga a Bizwick akuti kuzungulira konse ndi 360. Ndikufuna ndione 360 ameneyo ndi maso anga, kenaka ndikamalize kugumula ndekha."

Che Uledi anati, "Zungulitsani bambo, tisachedwe. Dzuwa likukwera."

Anaika ziro. Anayamba kuzungulitsa mothamanga, ine ndinati pang'onopang'ono. Manambala ankathamanga ngati a pa pampu ya petulo. 100 tikuyang'ana kumunda, 200 tikuyang'ana kumunsi kwa msewu. Che Uledi ankawerenga mokweza. Atafika 340 ine ndinatseka maso, ndinangomva mawu awo. "Firii fifite. Firii sikisite." Kenaka anasiya pang'ono. "Firii sevente." Ndinatsegula maso. Makina anali asanafike n'komwe pa pholo la magetsi. Anapitirira mpaka 399 ndiye n'kubwerera pa ziro.

Che Uledi anafunsa kuti, "Bambo Mackson, pepala langa likuyenda ndi 360 kapena 400?"

Mackson anatulutsa kansalu n'kupukuta diso la makina, chonsecho linali loyera. Anati makina amakono amatero. Che Uledi anati sindinafunse za makono. Pamenepo anavomera kuti mwini wake anawagwiritsa ntchito ku Milanje mwezi watha, ndipo iye sanayang'ane. Anayesa kusintha koma mawu a m'makinamo ndi a Chipwitikizi, ankangodina apa ndi apo.

Apa ndi pomwe ndasokonezeka, achimwene. Che Uledi, amene phindu lonse la cholakwikacho linali lawo, anavala magalasi nati tapatukani. Paja amakagula nsalu ku Milanje, Chipwitikizi amachiwerenga. Anawerenga mzere ndi mzere mpaka anapeza pamene pali mawu awiri ofanana pang'ono, naloza kuti dinani apa. Kachilembo ka g kanachoka, panabwera kabowo kapamwamba konga ka papepala la lizi. Ine ndinkawayang'ana chala kuti mwina adina pena powakomera. Sindinaone.

Mackson anayambiranso. Anayang'ana bikoni ya kumtunda, ziro, natembenuza mpaka 62, 30, 00. Ndinapempha kusuzumira m'diso la makinawo. Anandilola, mwina chifukwa cha manyazi. Achimwene, m'katimo munali Chambe, pomwe lathera ngati lodulidwa ndi mpeni, kamzere kakuda kali pomwepo. Ndinachoka msanga kuti anthu asandione kumaso.

Chikhomo chatsopano chagwera kunja kwa khoma, mapazi anayi osakwana pang'ono. Chofiira chija Tiyamike anachizula yekha, akuti asonkhezera moto.

Ndinakumbukira za kuyeza kawiri. Mackson anati sikofunika, Che Uledi anati n'kofunika. Anatembenuza diso chadodolido nayezanso. Miyeso iwiriyo yasiyana ndi masekondi khumi ndi awiri. Akuti zili bwino chifukwa sizinafike makumi awiri, ndipo anatenga pakati.

Tsono funso langa ndi ili. Masekondi khumi ndi awiri amenewa apita kuti? Ali mbali yanga kapena ya Che Uledi? Ngati makina omwewo, tsiku lomwelo, munthu yemweyo akupereka mayankho awiri, ndikhulupirire liti? Mundiyankhe mosabisa ulendo uno.

Malita

*

Bangwe
11 Ogasiti 2024

Achemwali,

Ndikulemba ndekha, bandeji achotsa. Zilembo zikukula chifukwa diso latsopano likuona zinthu ngati zapafupi. Ndaona kuti Rosie ali ndi imvi, sanandiuze.

Kalata yanu andiwerengera kawiri, kachitatu ndawerenga ndekha. Pa Chambe paja ndinatuluka panja.

Za masekondi khumi ndi awiri ndikuyankhani mosabisa. Palibe amene akudziwa mbali yomwe ali. Palibe makina padziko amene amayeza kawiri n'kupereka yankho limodzi ndendende. Mphepo imagwedeza, dzuwa limatenthetsa mwendo umodzi, dzanja la munthu limanjenjemera. N'chifukwa chake amaika malire a kuphonya kololedwa, ndipo n'chifukwa chake amayeza kawiri. Woyeza amene amakuuzani kuti sanaphonye ngakhale pang'ono ndiye woyenera kumuopa. Pa khoma lanu masekondi amenewo ndi mamilimita anayi, kutalika kwa njere ya mpunga yosweka. Kumapeto kwa munda ndi sentimita imodzi.

Koma musalole mpanda umangidwe pa zikhomo za Mackson zokha. Muwauze Che Uledi aitane saveya wa chiphaso adzatsimikize ndi kuika bikoni ya simenti kumapeto, pomwe yakale inapita ndi madzi. Ulendo uno sinditchula dzina la munthu. Asankhe okha, inu muvomereze.

Ndinakusekani za nkhuku yotsokomola. Ndanyamula makina zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo amene anatsegula buku ndinu.

Mundiuze ngati ndingabwere kudzathandiza kukweza khoma. Ngati simukufuna kundiona pamalopo chaka chino, ndimva.

Mlongo wanu,
Bizwick

*

Thuchila
25 Ogasiti 2024

Achimwene a Bizwick,

Tili bwino. Moni kwa alamu, muwauze imvi si matenda.

Saveya wa chiphaso anabwera Lachiwiri, mayi wa ku Blantyre wovala nsapato zachimuna. Asanayambe ndinamupempha azungulitse makina. Sanaseke. Anazungulitsa, 359 kenaka ziro, nati mayi, akanakhala makasitomala onse ali ngati inu. Sindikudziwa ngati kunali kuyamikira. Chikhomo chake chagwera chala chimodzi kuchokera pa chachiwiri cha Mackson. Bikoni yatsopano aithira simenti, ine ndalemba M ndi kamtengo isanaume, Che Uledi alemba U mbali yawo.

Khoma lakwera. Che Uledi anatumiza amisiri awo masiku awiri kuti abwezeretse mizere isanu ndi iwiri ija, akuti anagwetsetsa ndi iwo. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinavomera. Ndinakhala pompo tsiku lonse ndi chingwe changa kuyeza ngati sakulisendeza. Mmisiri wamkulu anati, "Mayi, kodi tikumanga nyumba kapena tikusoka diresi?" Silinasendere. Njerwa ya chala cha mwana Tiyamike waiika pansi pa windo, m'kati, kuti aziiona ali pabedi.

Za nambala ya foni munapereka kuseri kwa galimoto sindinaiwale, ndipo sindinena kuti ndaiwala. Koma inenso ndinakulemberani kuti munagulitsa malo a amayi, pomwe mawa lake inu munkakagona pa bedi la chipatala. Zimenezo zikhale ngati miyeso iwiri ija, titenge pakati.

Njere ya mpunga yosweka ija ndaiganizira masiku angapo. Dzulo ndinawapeza Che Uledi akuyang'anira maziko a mpanda, ndinawauza kuti masekondi khumi ndi awiri aja ngati ali mbali yanga, atenge, ndawapatsa. Anati zikomo mama, ndidzamangapo sitolo.

Malata tikhoma Loweruka la pa 7 Seputembala. Mubwere. Pamwamba simukwera ndi diso limenelo, muzidzapatsira misomali. Nandolo wakhwima, yense ndi wanga, ndakusungirani wa m'mphepete mwa malire.

Mukwere minibasi ya m'mawa, musakhale pafupi ndi windo chifukwa cha fumbi, ndipo mankhwala a m'maso musaiwale. Mukafika pa bikoni ya kumsewu muime pomwepo mundiitane, ndikufuna ndikuonetseni pomwe amayi ankaloza.

Ndine mlongo wanu,
Malita